Mzere Wabodza wa Eveless

Nkhaniyo anabwera nayo ndi Nasrin, ndipo anaitula mosanyengerera, monga amachitira mnzako weniweni. Anachoka pashopu ya nsalu ya bambo ake ku Old Town dzuwa likuswa mtengo, n'kufika pabenchi ya nsapato ya Eveless mumsika wa Tsoka, foni ili m'manja.

"Achemwali, taonani ichi. Mukuchidziwa?"

Eveless anaika pansi nsapato imene ankapukuta. Pafonipo panali chithunzi cha pepala la timabokosi, mizere iwiri ikukwera mokhotakhota, wina wofiira, wina wabuluu. Akanalephera bwanji kuchidziwa? Anajambula yekha Lachisanu n'kuchiika pa sitetasi ya WhatsApp. Koma pakona pamene ankalemba dzina lake panali podula, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: "Analysis ya sabata ino, by Clive."

"Ali ndi gulupu ya anthu mazana awiri," anatero Nasrin. "Mlamu wanga Shabir wandilowetsa dzulo. Ndayang'ana m'mbuyo monse, sabata iliyonse ndi mapepala anu okhaokha. Anthu akumutcha profesa."

Clive ameneyu anali chibwenzi cha Eveless kwa zaka zinayi. Anali mnyamata wa mu ofesi ku City Centre, wa tayi ndi mafuta onunkhira, amene luso lake lalikulu linali pakamwa. Nkhani ya masheya anaimvera kwa Eveless, yemwe kuyambira kale ankapatula kangachepe paphindu la nsapato n'kumagula masheya a kampani ya mafuta ophikira yotchedwa Mpendadzuwa.

Eveless sankagula mwachimbulimbuli. Tsiku lililonse ankalemba mtengo umene msika wa masheya watsekera. Ankatenga mitengo ya masiku makumi awiri apitawo n'kupeza avereji yake, mawa lake n'kuchotsa tsiku lakale kwambiri, kuikapo latsopano, n'kupezanso avereji. Timadontho timeneto akatilumikiza timapanga mzere wofiira. Wabuluu ankaupanga chimodzimodzi, koma ndi masiku zana limodzi, ndiye unkayenda mosapupuluma ngati munthu wamkulu. Wofiira ukadutsa wabuluu kupita m'mwamba, ndiye kuti zinthu zayamba kukwera, gula. Ukaudutsa kupita pansi, gulitsa usanalire.

Zonsezi Eveless anamuphunzitsa Clive atakhala pampando wapulasitiki pomwepo pabenchi, koma masamuwo sanalowe. Chimene chinalowa ndi Chingelezi chake chokha, "ma moving average", chimene ankachitchula mokoma kuposa mwini wake. Kenako anapeza Rachel, mwana wa a Maynard, bambo achuma a ku Area 10, n'kumusiya Eveless ndi uthenga wapafoni: "Ndiwe mkazi wabwino koma levulo yathu yasiyana."

"Mukanamubloka kalekale ameneyu," anatero Nasrin.

"Ndinkafuna aziona kuti sindinafe."

"Ndiye waona. Akudyanso pompo."

Eveless sanalire. Za Clive analira kale mpaka misozi inatha. Chimene chinamugwira tsiku limenelo chinali mkwiyo wozizira, wosafulumira, umene umakhala pansi n'kuyamba kuganiza.

* * *

Davison anafika cha m'ma folo koloko atanyamula chipisi cha awiri. Davison Zikhale anali woyeza malo, wamtali, wosayankhulayankhula. Anabwera kudzagula nsapato miyezi isanu ndi itatu yapitayo, n'kuzibweza katatu akuti zikumuthina, mpaka Eveless anamuuza kuti anene chimene akufuna, nsapato zisavutike. Ananena, ndipo Eveless anamukonda kuposa mmene ankafunira kuvomereza.

Anamuonetsa chithunzi chija. Davison anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye akudya thukuta lako."

"Akudya, akutamandidwa, akukwatira nalo. A Maynard akuti anamupatsa mwana wawo chifukwa cha mutu. Mutu wake uti? Wangawu?"

"Eve, tamvera. Munthu ameneyo anatuluka m'moyo mwako. Ukamamutchula maso ali gwaa chonchi, ine ndimaona ngati tili atatu."

"Nsanje yayamba?"

"Yayamba, sindibisa. Komanso Lamulungu tikupita kwa amayi. Nkhondo imene ndili nayo ndi imeneyo, ina sindikuifuna. Ndikufuna chaka chino chisanathe amalume akaonekere kwanu. Undilonjeze kuti Clive umusiya."

Eveless anatola chipisi chimodzi n'kumudyetsa.

"Ndalonjeza," anatero. Pakamwa panalonjezadi, koma mtima unali kwina.

* * *

Mayi Zikhale anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, mayi wamasiye, wokhala ku Area 15 m'nyumba imene ngakhale makatani ankaoneka kuti amaopa mwini wake. Eveless anagwada popereka moni. Mayiwo anayankha akuyang'ana kumapazi kwake, ngati akufuna kudziwa kuti nsapatozo anayamba kuvala ndani.

Funso loyamba linabwera mpunga usanafike n'komwe m'mbale.

"Ndiye umagulitsa nsapato zovalavala anthu ena?"

"Inde amayi, za kaunjika."

"Sukulu unalekezera pati?"

"Fomu folo, amayi."

"Oho."

"Oho" ameneyo anali wolemera kuposa chipongwe. Mayiwo anatembenukira kwa mwana wawo ngati mlendo wachoka kale.

"Davison, ukumudziwa Rachel wa kwa a Maynard? Mayi ake timapemphera limodzi. Chinkhoswe chake ndi mwezi wamawa. Wapeza mwamuna wamutu, Clive. Taona izi." Anatulutsa foni n'kuonetsa pepala la timabokosi lija. "Amajambula yekha ndi manja. Ine anandilowetsa mu gulupu yake, koma ndimangowerenga. Penshoni yanga sindiseweretsa njuga. Komabe nzeru zikaoneka timayamikira. Ana ena amadziwa kusankha."

"Amayi, mizere imeneyo..." anayamba Davison.

Eveless anamuponda phazi pansi pa tebulo.

"Yatani mizereyo?"

"Palibe, amayi. Ndi yokongola."

Ali m'galimoto pobwerera, Davison anamenya chiwongolero ndi chikhatho.

"Unandiletsa chifukwa chiyani?"

"Akanakhulupirira? Wa fomu folo, wogulitsa nsapato za anthu akufa? Akanati ndikunama kuti ndilowe m'banja mwanu."

"Tsiku lina adzakhulupirira. Ndipeza njira."

Eveless ankayang'ana mipanda yaitali ya ku Area 15 ikudutsa, m'makutu mwake mukulira mawu aja akuti ana ena amadziwa kusankha. Mayiwo anamuchititsa manyazi ndi pepala lake lomwe, ndipo iye anayenera kunena zikomo chifukwa cha mpunga.

* * *

Mpata unabwera Lachisanu lachiwiri kuchokera tsiku limenelo. Kwa milungu ingapo mtengo wa Mpendadzuwa unali utasiya kukwera, ukungogwedezeka pamalo amodzi, ndipo mzere wofiira unkatsika pang'onopang'ono kuyandikira wabuluu. Tsiku limenelo Eveless ataika kadontho katsopano anaona kuti wofiira wadutsa, uli pansi. Anabwereza masamu kawiri. Sizinasinthe.

Anaimbira foni ku ofesi imene inkamugulira masheya n'kuwauza kuti agulitse ake onse. Atatha, anang'amba pepala lina latsopano.

Nasrin anamupeza akujambula, lilime lili pakona pa mlomo.

"Mapepala awiri lero?"

"Ili ndi langa. Ili ndi la profesa."

Pa pepala la profesa mzere wofiira unatsika, kukhudza wabuluu, n'kudumphanso m'mwamba mokongola. Pansi pake Eveless analemba ndi dzanja lake lomwe lija: "Wakana kutsika. Nthawi yogula ndi ino."

Nasrin anagwira pakamwa.

"Achemwali, limeneli ndi bodza!"

"Ngati ndi profesa aona yekha. Mitengo ili poyera, atenge cholembera awerengere."

"Mukudziwa kuti sangathe."

"Ndiye vuto ndi langa?"

"Nanga anthu mazana awiri aja? Anakulakwirani chiyani?"

"Anandifunsa ine? Amuombera m'manja wakuba chaka chathunthu. Shabir yekha umuuze asagule. Enawo akafunse profesa wawo."

"A Davison akudziwa?"

"Davison alibe masheya. Amayi ake akuti ndi njuga. Palibe wanga amene apse."

Anajambula pepalalo ndi foni, n'kulowa pamene munthu amasankha oti aone sitetasi yake. Anachotsa aliyense n'kusiya dzina limodzi. Sipanathe mphindi khumi, kadiso ka pansi pa chithunzi kanaonetsa kuti munthu mmodzi waona. Ola lisanakwane foni ya Nasrin inalira. Chithunzi chinali chafika mu gulupu, dzina la Eveless litadulidwa monga mwa masiku onse, pamwamba pake mawu a Clive: "Big signal, abale. Ine ndalowa ndi zonse. Osadzati sindinanene."

Eveless anaseka mpaka mayi wa benchi yoyandikana anasuzumira. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

* * *

Sabata yoyamba mtengo unakwera pang'ono, poti anthu a Clive ankagula, ndipo profesa anatumiza mu gulupu chithunzi chake atavala magalasi akuda. Eveless anangodekha. Sabata yachiwiri mtengo unabwerera pamene unali. Yachitatu kampani inalengeza kuti phindu latsika kwambiri chifukwa mbewu inasowa, ndipo mtengo unagwa ngati thumba loduka chingwe.

Msika wa masheya wa kuno uli ndi khalidwe lake. Zinthu zikamakwera aliyense amafuna kugula, koma zikayamba kugwa ogula amasowa ngati minibasi tsiku la mvula. Anthu a mu gulupu ankaika masheya awo pamsika, masiku n'kumapita, wogula osaoneka, mtengo ukutsikirabe. Eveless anasiya kuika mapepala pa sitetasi, ndipo profesa anangoti zii.

Madzulo alionse asanatseke benchi Nasrin ankabwera kudzamuwerengera mauthenga.

"Uyu akuti, 'A Clive, tiyankheni, mwatilowetsa m'dzenje.' Uyu akuti, 'Ndawerengera ndekha, mzere wanuwo ndi wabodza, munautenga kuti?' Awa ndi a Maynard eni ake: 'Clive, ubwere kunyumba lero.' Mawu anayi okha."

"Werenganso a Maynardwo."

"Achemwali, mukundiopsa."

"Werenganso."

Kunena zoona, Eveless ankamva kukoma. Ankadya bwino, kugona bwino, ngakhale makasitomala ovuta ankawasekerera. Chimodzi chokha chinkamudabwitsa: Davison anayamba kusowa. Mauthenga ake anafupika. Akamufunsa ankati ntchito yachuluka ku Area 43, ndipo Eveless, mutu uli pa Clive, sanafunsenso kawiri.

* * *

Clive anafika pamsika Lachiwiri m'mawa, wopanda tayi, ndevu zosameta. Anaima kutsogolo kwa benchi ngati munthu woti waiwala chimene wadzera.

"Eveless, tiyankhulane."

"Saizi yanu ndi eyiti, eti? Zilipo zakuda."

"Usandiseweretse. Unachita dala."

"Ndinachita chiyani, achimwene?"

"Pepala lija. Unanama."

"Pepala liti? Ine ndimajambula mapepala anga, ndimaika pafoni yanga. Inu muli ndi anu, olembedwa 'by Clive'. Kapena mukufuna tiwauze anthu kuti amene amajambula ndani?"

Clive anayang'ana uku ndi uku. Amayi a mabenchi oyandikana anali atasiya kuitana makasitomala, makutu ali tcheru.

"A Maynard aimitsa chinkhoswe," anatero motsitsa mawu. "Anagulitsa puloti ku Area 47 kuti agule masheya amenewa. Anandipatsa pepala ndi cholembera pamaso pa Rachel, akuti ndijambule mzere umodzi wokha aone. Ndinakhala pamenepo maola awiri. Rachel sakuyankha foni zanga."

"Pepani kwambiri."

"Zaka zinayi, Eveless. Sunandimvere chisoni?"

Apa Eveless anaimirira. Mawu amenewa anali atawasunga chaka chathunthu, akuwatembenuza m'kamwa popukuta nsapato.

"Chisoni? Unandisiya ndi meseji ngati ukuthetsa oda ya makala. Unadula dzina langa sabata iliyonse, n'kupita nalo pepalalo kukafunsira mkazi. Ndiwe mwamuna wabwino, Clive, koma levulo yathu yasiyana. Pita, ukunditchingira makasitomala."

Mayi wina anaimba nthungululu. Clive anachoka akupunthwa pa milu ya zovala, ndipo Eveless anakhala pansi mtima uli mbee. Anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

* * *

Davison anabwera masana a tsiku lomwelo. Sananyamule chipisi. Anakhala pampando wapulasitiki, zigongono pamaondo, ndipo Eveless anaona kuti munthuyo waonda.

"Wasowa," anatero Eveless. "Ndimati mwina nawe wapeza wa ku Area 10."

Davison sanaseke.

"Eve, ndalakwitsa chinthu chachikulu, ndipo ndakhala ndikuopa kukuuza."

Eveless anaganiza za mkazi wina, n'kukonzeka kukalipa.

"Ukukumbuka ndinati ndipeza njira yoti amayi akukhulupirire? Lachisanu lina ndinali kunyumba, amayi anandionetsa pepala latsopano mu gulupu ya Clive. Pa sitetasi yako sindinalione, ndinangoti landipita. Koma dzanja ndinalidziwa. Linali lako, Eve. Unalemba kuti nthawi yogula ndi ino."

Eveless anaika pansi nsapato imene inali m'manja mwake.

"Ndiye ndinawauza zonse. Ndinati amayi, mizere imene mumatamayi sajambula Clive, amajambula Eveless, Clive amangoba. Anakana. Ndinati chabwino, yesani. Gulani masheya amenewa, akakwera mudziwe kuti mpongozi wanu ndi wamutu. Ndinawakakamiza masiku atatu. Ndinati mtsikana ameneyu sanalakwitsepo, ndikuika moyo wanga."

"Davison... anati saseweretsa penshoni."

"Sanaseweretsepo. Anachita chifukwa cha ine. Anaika yoposa theka."

"Bwanji sunandifunse?"

"Ndinkafuna likhale dzidzidzi. Ndinkafuna tsiku lina amayi akuitane okha, akupepese." Anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Shuga wawo wakwera, sabata yatha tinagona nawo kuchipatala masiku awiri. Sindikukuimba mlandu, Eve. Wolakwa ndine. Munthu aliyense amaphonya masamu, ngakhale iwe."

Phokoso la msika linkapitirira, wina akuitanira majuzi, wina akukangana za chenje, koma Eveless ankangomuyang'ana Davison.

"Amayi ali m'galimoto kunja kwa geti," anapitiriza Davison. "Anthu mu gulupu akuti mzerewo unali wabodza, wina anaujambula dala. Amayi anandifunsa. Ndinawagwira dzanja n'kulumbira pa dzina la malemu bambo kuti iwe sungachite zimenezo, unangophonya. Akhala chete masiku awiri. Lero m'mawa akuti, ngati anaphonya abwere andiuze yekha, ndimukhululukira, nanenso ndinamulakwira tsiku lija. Akuti ukatero amalume apita kwanu mwezi uno."

Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa munthu wotopa amene wabweretsa nkhani yabwino.

"Ukumva, Eve? Avomera. Ungopita ukanene kuti unaphonya."

Eveless anayang'ana kugeti. Panali mamita makumi asanu okha, ndi mawu amodzi. Chilichonse chimene ankafuna chinali m'galimoto imeneyo.

Davison anamugwira dzanja.

"Ndangoyankhula zanga zokha. Nawenso wapsa, eti? Masheya ako onse aja. Zaka zonse zija ukusunga."

Eveless anatembenuzira nkhope kumbali.

"Eve? Wataya zambiri?"

"Sindinataye."

"Bwanji?"

"Ndinagulitsa."

Dzanja la Davison linaleka kufinya.

"Unagulitsa liti?"

Akananama. Anali atanamiza kale anthu mazana awiri osaphethira. Koma munthu uyu anali atalumbira pa dzina la bambo ake, ndipo ankamuyang'ana ndi maso omwe aja amene ankabweza nawo nsapato.

"Lachisanu lomwelo," anatero. "Ndisanajambule pepalalo."

Davison anachotsa dzanja lake pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo Eveless analakalaka akanakalipa.

"Unandilonjeza kuti umusiya."

"Davison, ndinkafuna Clive yekha. Sindinadziwe kuti amayi..."

"Ndiye nthawi yonseyi tinalidi atatu."

Anaimirira n'kukankhira mpando pansi pa benchi, mwaulemu, monga mlendo.

"Tiye. Amayi akudikira, ndipo dzuwali silikuwayenera. Ine sindinena kanthu. Ukawauza kuti unaphonya, akukhululukira, amalume apita kwanu, ndipo ine ndidzakhala ndikudziwa moyo wanga wonse kuti unawanamiza ndili pompo. Ukawauza zoona, sadzafunanso kumva dzina lako. Usankhe wekha, ndiwe wodziwa masamu."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda kulowera kugeti, osacheuka. Eveless anavula epuloni n'kumutsatira pakati pa milu ya kaunjika. Atatuluka anaona galasi la galimoto likutsika, ndipo Mayi Zikhale, nkhope itatuwa ndi matenda, anatambasula dzanja kuti amulandire.

"Bwera, mwana wanga," anatero mayiwo. "Tandiuza, chinachitika n'chiyani?"